Tiyezereni Njinga Zathu ndi Muyezo Umodzi

Kwa inu mabwana oyang'anira za pamsewu, ndi kwa inu nonse amene timakunyamulani tsiku ndi tsiku,

Ife amene talemba kalatayi ndife eni njinga zamoto zakale. Ena ndife akabaza, ena alangizi a zaulimi opuma pantchito, ena aphunzitsi, abusa a mipingo yakumudzi ndi ogula mbewu m'misika ya m'maboma a Mchinji, Dowa, Ntchisi ndi Kasungu. Takhala tikung'ung'udza pa siteji, pa chigayo ndi pa galaja kwa zaka zambiri, koma taona kuti kung'ung'udzako kumathera pomwepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake tabwera tokha kudzakuuzani chimene chikutipweteka.

Nkhani yake ndi ya COF, chikalata chotsimikiza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Lamulo la zapamsewu la 1997 timalilemekeza, ndipo kuyezetsa njinga sitikukukana. Chimene chatitopetsa n'chakuti munthu akanyamuka mbandakucha kupita kukayezetsa, sangalumbire kuti abwerera ndi pepala, ngakhale atakonza chilichonse chimene akuchidziwa. Njinga yomweyo, yosamalidwa mofanana, chaka chino ipambana, chaka chamawa igwa. Ya mnzako yomwe ukudziwa kuti buleki yakumbuyo sigwira ituluka ndi pepala, yako yogwira bwino ibwezedwa. Lamulo lolimba munthu amalipirira, amakonzeka n'kulikwaniritsa. Koma muyezo wosinthasintha sungakonzekeredwe, ndipo ndi umene ukuthamangitsa anthu kumalo oyezera.

Poyamba mudziwe njinga zimene tikunenazi. Zambiri ndi ma Yamaha AG100 ndi DT125, ma Honda XL125 ndi CG125, ndi ma Suzuki TF125. Zinabwera m'dziko muno ndi ntchito za ulimi, zaumoyo ndi za mabungwe othandiza anthu, ndipo ntchitozo zitatha zinagulitsidwa pa okushoni, ife n'kuzigula ndi ndalama za penshoni, za fodya kapena za soya. Sizinapangidwe mwachibwana. Honda CG125 inatuluka mu 1975, ndipo anaipangira dala maiko onga lathu, kumene fumbi ndi lambiri ndipo makaniko ali kutali. AG ndi njinga ya kumunda, tcheni chake n'chophimbidwa kuti matope ndi udzu zisachidye. Njinga zimenezi zanyamula katemera kupita kumidzi yomwe galimoto sifika dzinja, zathamangitsa amayi apakati kuchipatala usiku, zasenza matumba a feteleza ndi ana asukulu. Kuti njinga yakwanitsa zaka 20 kapena 30 ikuyenda m'misewu yathu, ndi umboni wakuti mwini wake amaisamala, pakuti yosasamalidwa sifika zaka zimenezo.

Tsiku loyezetsa likayandikira, mwini njinga yakale sagona tulo tabwino. Amaimika njinga pa chipika kuti tayala lilendewere, n'kuligwedeza uku ndi uku kuti amve ngati mabering'i atha. Amaliza masipoko limodzi limodzi ndi sipanala, pakuti lomasuka limamveka mawu ake. Amapotoza chiwongolero kumanja ndi kumanzere kuti aone ngati sichikukakamira pakati. Amakoka tcheni, amathira oyilo m'makebulo, amatsegula dilamu kuti aone mabuleki atsala bwanji, amaponda buleki mwana ataima kumbuyo kuti anene ngati nyali yofiira ikuyaka. Hutala, magalasi, nambala puleti, matayala, zonse amaziona. Ambiri a ife njinga zathu timazidziwa kuposa makaniko, chifukwa ikafa pakati pa dambo palibe wotiitanira.

Dandaulo loyamba n'lakuti muyezo weniweni sitiudziwa. Pamalo oyezera amene ife tafikapo sitinaonepo chikwangwani cha Chichewa chonena kuti pa njinga yamoto timaona ichi ndi ichi, tayala likafika apa latha, nyali iwale chonchi. Zonse zili m'mutu mwa woyeza, ndipo mitu ndi yosiyana. Mnzathu wina, bambo wachikulire amene anagwira ntchito ya ulangizi mpaka kupuma, anaimika njinga yake pabwalo masana dzuwa lili paliwombo. Woyeza, mnyamata wa msinkhu wa mwana wake, anati ayatse nyali. Anailiza, nyali n'kuyaka mofiirira.

"Madala, nyali iyi ndi yakufa."

"Bwana, dikirani ndiwonjezere moto muone. Njinga izi magetsi ake amatuluka ku injini, ikakhala chete nyali imazilala."

"Ndilibe nthawi, madala. Kakonzeni mubwerenso."

Bamboyo ananena zoona. Njinga zambiri zakale zili ndi magetsi a mavoti 6, ndipo nyali yakutsogolo imadya moto wochokera ku magineto, kotero kuwala kwake kumakwera ndi kutsika pamodzi ndi liwiro la injini. Ndimo mmene inapangidwira kufakitale. Woyeza wodziwa amauza mwini kuti akoke moto pang'ono, aone kuwala kwake pakhoma kapena pamthunzi. Wosadziwa amaiyerekeza ndi njinga yatsopano ya mavoti 12, n'kuigwetsa pa mlandu umene ilibe. Bamboyo anabwerera kwawo, nadzabweranso njinga ili chimodzimodzi, napeza woyeza wina amene anaipatsa pepala osafunsa n'komwe za nyali.

Nkhani ya utsi nayonso ndi yomweyo. DT ndi AG100 ndi njinga zowotcha petulo pamodzi ndi oyilo, ndipo kautsi kobiriwira pang'ono poliza m'mawa ndi chibadwa chake. Utsi umenewo ndi wosiyana ndi wa njinga ya maring'i otha, womwe umatuluka mbuu osaleka. Makaniko wa pansi pa mtengo amasiyanitsa ziwirizi ndi mphuno yokha. Koma alipo oyeza amene akangoona thanki yosuwa penti ndi mpando wosokedwa, chigamulo chatha m'maso, zotsalazo n'kungofunafuna chifukwa. Penti sigwira buleki, mabwana. Yezani chimene chingaphe munthu.

Dandaulo lachiwiri n'lakuti kugwa kwathu kawirikawiri kumakhala kwa pakamwa. Amangoti yakanika, kapena kutchula chinthu chimodzi. Ukakonza chimenecho n'kubwerera, amatchula china chomwe chinalipo tsiku loyamba lomwe. Lero ndi galasi, mawa ndi hutala, mkuja ndi tayala. Akanalemba zonse pa pepala limodzi tsiku loyamba, bwenzi munthu atapita nalo kwa makaniko, n'kugula zofunika kamodzi, n'kubwerera kamodzi. Popanda cholembedwa tilibenso pogwira tikafuna kudandaula kwa wamkulu wa pamalopo, chifukwa amafunsa umboni, ife n'kungokhala ndi mawu athu okha. Munthu wakumudzi wovala jekete lafumbi akatsutsana ndi wovala yunifolomu, mukudziwa nokha amene amamvedwa.

Dandaulo lachitatu ndi mtunda. Malo oyezera ali m'mizinda, ife tili kumidzi. Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100, ndipo wochokera kumidzi ya m'mphepete mwa malire amayamba wadutsa msewu wafumbi asanaone phula. Msewu wa mabampu ndi umene umaduladula kawaya ka m'kati mwa babu, umamasula mabawuti a indiketa, umalowetsa fumbi m'mashoko mpaka ayambe kudontha oyilo. Njinga imanyamuka pakhomo zonse zikuyaka, ifike pabwalo loyezera indiketa imodzi yazima. Chimenechi n'chokonzeka m'mphindi zochepa, babu n'lotchipa, koma ukatuluka pamzere kukagula, malo ako apita. Ukafika pa windo lolipirira uuzidwa kuti netiweki yathawa, udikire. Dzuwa lipendeka, ofesi itsekedwa, iwe ulibe mbale mumzinda. Ugone pa depoti utakumbatira njinga poopa akuba, kapena ubwerere usiku n'kuwotchanso petulo tsiku lina. Wakabaza tsiku limenelo sanapeze kalikonse, ndipo kunyumba akudikira ndiwo. M'nyengo zimene petulo amasowa, monga tinaonera mu 2022 ndi zaka zotsatira, ulendo umodzi wotere umadya mafuta amene munthu anawagonera pamzere.

Ndipo pali msampha wina panjira. COF ikatha, njinga iyenera kupita kukayezedwa, koma kuti ikafike kumeneko iyenera kuyenda pamsewu womwewo umene uli ndi marodibuloko. Ukaimitsidwa n'kunena kuti ukupita kukayezetsa, ena amamva, ena amalemba chindapusa, ena amalanda makiyi. Wobwezedwa dzulo amene akubwerera lero atakonza alibe kapepala kosonyeza kuti anafikako kale. Munthu amene akuyesetsa kutsata lamulo ndiye amakumana ndi chilango kawiri, pomwe amene sanalembetse n'komwe njinga yake amadutsa njira zachidule za m'minda osaonedwa.

Dandaulo lachinayi ndi masipeya. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 pa 100 iliyonse. Chilichonse cha pa njinga chimachokera kunja, choncho mitengo inakwera nthawi yomweyo, pomwe wokwera kabaza akadali kunenerera mtengo wakale. Sipeya yeniyeni ya njinga yakale lero ndi yosowa, ndipo ikapezeka mtengo wake ndi woboola m'thumba. Zodzadza m'mashopu ndi zachinyengo, zoikidwa m'mabokosi okongola olembedwa dzina la kampani yeniyeni. Mmodzi wa ife anagula mabuleki atsopano dala chifukwa cha kuyezetsa. Asanathe mwezi, akutsika chitunda ali ndi mayi ndi mwana kumbuyo, tayala lakumbuyo linangouma gwa. Atatsegula dilamu anapeza chikopa cha buleki chamatuka pa chitsulo chake n'kudzipinda m'kati, guluu wake ataumbudzuka ngati dothi. Anapulumuka chifukwa ankayenda pang'onopang'ono. Mababu amapsa m'sabata imodzi, makebulo amaduka pamutu, matayala ena amang'aluka m'mbali mapanga ake akadali atsopano. Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo mapaipi a labala yachabechabe amauma ndi kusweka msanga ndi mafuta oterewa, njinga n'kuyamba kudontha. Zonsezi zikagwetsa njinga pa mayeso, mlandu umagwera mwini wake ndi ukalamba wa njinga. Amene analowetsa katundu wachinyengoyo m'dziko palibe womufunsa.

Dandaulo lachisanu ndi mapepala. Njinga yakale yadutsa m'manja ambiri. Bungwe lomwe linaigula koyamba linatseka kalekale, amene anaigula pa okushoni anamwalira, ana ake anaigulitsa ndi kalata ya kwa amfumu, koma bulu buku ikadali m'dzina loyamba. Kuti usinthe umwini amafuna mwini wakale aonekere, ndipo mwini wakaleyo ali kumanda kapena anabwerera kwawo kutsidya la nyanja. Nambala ya chasisi yomwe inadindidwa pakhosi pa njinga yadyeka ndi dzimbiri, manambala awiri sakuwerengeka. Injini inafa, munthu n'kugula ina yakale kwa makaniko, nambala yake n'kusiyana ndi ya m'buku. Tikudziwa kuti njinga zimabedwa kwambiri, ifenso ndi amene timaberedwa ndi kuphedwa kumene, ndiye kusamala pa manambala n'koyenera. Koma payenera kukhala njira yodziwika, yokhala ndi mapeto, yoti munthu wachilungamo atsimikizire kuti njinga ndi yake. Pakali pano njinga yamphamvu bwinobwino imakanidwa isanayezedwe n'komwe, mwini wake n'kumangozungulira maofesi mpaka atatopa.

Dandaulo lachisanu ndi chimodzi ndi limene limatipweteka kwambiri kulinena. Pachipata cha malo oyezera pamakhala madobadoba. Ukangozimitsa njinga akufikira. "Achimwene, njinga yakale ngati iyi mukalowa nokha siituluka. Tipatseni mapepala ndi kenakake, inu kakhaleni pamthunzi." Amene wakana amaima pamzere tsiku lonse n'kubwezedwa chifukwa cha galasi. Amene wavomera amalandira pepala lake masana, nthawi zina njinga osaigwira n'komwe. Sitikunena kuti oyeza onse ndi otero. Tawaona ena achilungamo, amene amagwada pansi kugwedeza tayala, kukwera njinga kuti amve buleki, n'kukulangiza mwaulemu ngati mbale wawo. Amenewo timawathokoza, ndipo tikawapeza timabwerera kwathu mitima ili m'malo ngakhale atatigwetsa. Koma malinga ngati pepala lingagulidwe pachipata, ntchito ya achilungamowo ikupita pachabe. COF yogula imanamiza mayi amene akukwera ndi mwana kumsana kuti njinga ili bwino pomwe palibe anaiona.

Zotsatira zake mukuziona nokha pamsewu. Achinyamata amene akuyamba kabaza amatiyang'ana ife akuluakulu tikuvutika ndi maulendo, n'kunena kuti kulembetsa njinga n'kudziputira mavuto. Amagula njinga yolowa m'dziko kudzera njira zam'tchire za m'malire, yopanda nambala, yopanda inshuwalansi, yomwe sidzayezedwa mpaka idzathe. Tikawalangiza amatifunsa kuti inu ndi mapepala anu mwapindula chiyani, ife n'kusowa choyankha. Pitani ku wodi ya mafupa ya chipatala chachikulu chilichonse mukaone miyendo yomangidwa zitsulo, mufunse kuti angati anavulala pa njinga yamoto. Amene agona pamabedi amenewo ndi ana athu, makasitomala athu ndi anzathu a pa siteji. Maliro awo timayenda ndife. Choncho musatiyese anthu ofuna kuthawa mayeso. Njinga yopanda buleki tikufuna ichoke pamsewu, ikhale yakale kapena yongotuluka m'bokosi, chifukwa ikasemphana ndi ife pa kona, ovulala ndife.

Zimene tikufuna kupempha m'munsimu maiko ena amachita. Ku Britain buku limene oyeza amatsata n'loonekera kwa aliyense, ndipo limaganizira zaka za njinga: mwachitsanzo, njinga imene inayamba kuyenda isanafike 1 August 1986 siikakamizidwa kukhala ndi maindiketa. Njinga ikagwa, mwini amapatsidwa pepala lolembapo zifukwa zonse, ndipo akakonza n'kubwerera m'masiku 10 ogwira ntchito salipiranso ndalama yonse. Kuyambira mu May 2018, njinga ndi galimoto zopitirira zaka 40 zomwe sizinasinthidwe kwambiri sizikakamizidwanso kuyezedwa chaka ndi chaka. Chomalizachi ife sitikuchipempha, chifukwa njinga zathu zimagwira ntchito tsiku lililonse ndipo zimanyamula anthu. Tikungosonyeza kuti kumene zinthu zinalongosoka, ukalamba wa njinga pawokha suwerengedwa ngati mlandu.

Tsono zopempha zathu ndi izi.

Lembani mndandanda wa zonse zimene zimayezedwa pa njinga yamoto, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, muupachike pamalo oyezera, pa maboma ndi pa masiteji, muulengezenso pa wailesi. Munthu adziwe asananyamuke pakhomo kuti adzafunsidwa chiyani.

Phunzitsani oyeza za njinga zakale: magetsi a mavoti 6, mabuleki a dilamu, injini zowotcha oyilo. Njinga iyezedwe molingana ndi mmene inapangidwira, ndipo chigamulo chichokere pa buleki, chiwongolero, matayala, nyali ndi kulimba kwa chitsulo.

Njinga ikagwa, zifukwa zonse zilembedwe tsiku lomwelo pa pepala lokhala ndi dzina la woyeza ndi chidindo. Pepalalo litipatse masiku okonzera, litilole kudutsa pa rodibuloko pobwerera, ndipo pobwerezapo muone zolembedwazo popanda kutilipiritsanso ndalama yonse. Zazing'ono monga babu tiloledwe kusintha pompo osataya malo pamzere.

Bweretsani mayeso kumaboma. Njinga yamoto sifuna dzenje kapena makina akuluakulu ngati lole. Woyeza mmodzi, wolemba mmodzi ndi bwalo la sukulu kapena la khonsolo n'zokwanira. Mukatiuza tsiku mwezi usanathe, tidzabwera.

Tsegulani njira yosinthira umwini wa njinga zomwe eni ake oyamba sapezeka, pogwiritsa ntchito kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yobedwa, umboni wa amfumu ndi lumbiro la kukhoti. Injini yosinthidwa mwachilungamo ilembedwe m'buku.

Oyang'anira ubwino wa katundu wolowa m'dziko alowe m'mashopu a masipeya, makamaka pa mabuleki, matayala ndi zipewa zotetezera mutu. Ndipo madobadoba achoke pachipata, pamodzi ndi aliyense wam'kati amene amadya nawo.

Ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo ndife okonzeka kuigwira. Pa masiteji athu tili ndi makomiti, tili ndi mabuku a mayina, timasonkherana pa matenda ndi pa maliro. Makomiti omwewo angathe kusonkhanitsa njinga zonse za m'dera tsiku limene mwalengeza, kuona mabuleki ndi nyali za mamembala mwezi ndi mwezi, ndi kukaniza malo pa siteji aliyense wopanda COF. Lero sitingathe kukakamiza mnyamata kuti akayezetse pomwe ife eni tikudziwa kuti akhoza kukataya masiku ndi ndalama popanda chifukwa. Mukatipatsa muyezo umodzi, wolembedwa ndi wapafupi, tidzakhala ndi pakamwa pomuuzira, ndipo adzapita. Tikupempha kuti mutiyankhe, ndipo ngati n'kotheka mubwere mudzakhale nafe pansi kuno kumaboma nyengo ya mvula isanayambe, misewu isanaduke.

Ndife anu,

Eni njinga zamoto zakale a m'chigawo chapakati